Phunziro la Mwezi Uno: Kusankha Maluwa Achikasu a Pakati pa Chilimwe ndi Dzinja

Mlombwa ukayamba kuonetsa maluwa ake achikasu, aliyense wa kuno kwa Nsanama amadziwa kuti dzinja layandikira. Komabe masabata a pakati pa Okutobala ndi mvula yodzalira ndiwo ovuta kwambiri kwa wosamala maluwa. Dzuwa limaswa mtengo, mizere ya pamjigo imatalika, mbuzi zimangoyendayenda, kenaka mvula imagwa mwamphamvu pa nthaka youma n'kukokolola zonse. Duwa lobzala pabwalo la nyumba, la sukulu, la mzikiti kapena la tchalitchi liyenera kupirira nyengo ziwirizi, ndiponso kubweza phindu lolingana ndi madzi amene lamwa.

Mafunso atatu musanabzale

Choyamba, kodi duwali lingakhale masiku awiri osathiriridwa? Chachiwiri, kodi mwana kapena chiweto chingavulale nalo? Chachitatu, kodi kupatula kukongola, lithandizapo chiyani pakhomo? Duwa limene lalephera funso lachiwiri lisiyeni, ngakhale litakongola bwanji.

Maluwa oyenera

Marigold ndiye woyamba. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo amakonda dzuwa. Amachita maluwa pakatha masabata 6 mpaka 8 chifesereni, kotero amene wafesa panazale kumayambiriro kwa Sepitembala amaona chikasu kumapeto kwa Okutobala. Mbande muziwokere pakatha masabata atatu kapena anayi, motalikirana masentimita 25 mpaka 30. Phindu lake lalikulu lili pansi. Mizu yake imatulutsa mankhwala ochepetsa timinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya tomato ndi therere. Bedi limene mwakhala marigold wothithikana kwa miyezi iwiri kapena itatu limakhala labwino kubzalamo tomato pambuyo pake.

Lachiwiri ndi portulaca, kaduwa koyanga pansi ka masamba onenepa amene amasunga madzi. Kalipo ka mitundu ingapo, ndipo kachikasu kamapezeka. Simusowa kugula mbewu: pemphani kanthambi kwa mnansi, kabayeni m'nthaka ya mchenga, kagwira. Kamayenera m'mphepete mwa bedi, koma kamawola pamalo podikha madzi.

Lachitatu ndi dzungu, limene ambiri sitiliwerengera pa maluwa. Phando limodzi kapena awiri pakona ya bedi amapereka maluwa aakulu achikasu, nkhwani ndi chiluwe cha ndiwo pa nthawi imene masamba amadula pamsika wa Nsanama. Pothyola chiluwe, tengani maluwa aamuna, a phesi lalitali lowonda. Aakazi, amene ali ndi kadzungu kumunsi, asiyeni, ndipo musiyekonso aamuna ochepa kuti njuchi zitengepo mungu.

Mpendadzuwa ndi wodikira. Pa chilimwe amamwa madzi ambiri, choncho mumsungire malo kumbuyo kwa bedi n'kumubzala mvula ikakhazikika. Amachita maluwa pakatha miyezi iwiri kapena kupitirirapo pang'ono, marigold atayamba kutopa, ndipo njere zake ndi chakudya cha nkhuku.

Maluwa ofunika kusamala nawo

Pali chitsamba china chimene ambiri amapangira mpanda chifukwa sichiuma ndipo mbuzi zimachipewa. Masamba ake ndi aatali ndi owonda, maluwa ake achikasu ali ngati belu, ndipo mukachithyola chimatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Akatswiri amachitcha Thevetia peruviana. Chitsamba chonsecho ndi poizoni wosokoneza kugunda kwa mtima, ndipo njere zochepa chabe zingathe kupha mwana. Chisabzalidwe pasukulu, pamalo a sukulu ya mkombaphala kapena paliponse posewera ana. Mwana akatafuna njere zake, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti ayambe kusanza.

Deliya nayenso afunika nzeru. Masamba ake amawola msanga n'kukhala manyowa abwino, koma maluwa ake amabwera mochedwa, cha kumapeto kwa dzinja, ndipo akalekereredwa amafalikira n'kulanda malo. Asalowe m'bedi. Kumene alipo kale m'malire a munda, dulani masamba ake n'kuwakwirira m'bedi masabata awiri musanawokere mbande.

Kukonza bedi

Bedi likhale la mita imodzi m'lifupi, kuti dzanja lifike pakati popanda kupondapo. Pa mita iliyonse ya m'litali sakanizani ndowa imodzi ya manyowa owolerana. Manyowa aawisi amawotcha mizu. Pa chilimwe, kwezani m'mphepete mwa bedi kuti madzi asathawe, ndipo phimbirani nthaka ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde, kuopa chiswe. Thirirani madzulo, patsinde. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba ndi okwanira, ndipo palibe chifukwa chotungira ndowa yapadera pamjigo pamene anzanu akudikira madzi akumwa.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mvula ya chizimalupsa ikangogwa, gumulani mbali imodzi ya m'mphepete muja ndipo lambulani kangalande kotulutsa madzi. Tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Freddy anakokololera nthaka m'boma lathu la Machinga mu Malichi 2023. Bwalo losesedwa mpaka kuyera limataya dothi lake mvula iliyonse, pamene mizu ndi zophimbira zimaligwira. Musaiwale kampanda ka minga kapena bango, pakuti mbuzi sizimangidwa mpaka mbewu zitamera m'minda.

Ntchito ya mwezi uno

Komiti iliyonse ya chitukuko cha m'mudzi iyendere sukulu ndi malo a ana m'dera lake, ione ngati pali chitsamba chapoizoni chija, ndipo chizulidwe ndi manja ovala magolovesi kapena mapepala apulasitiki. Nthambi zake zisasonkhezeredwe pamoto wophikira. Banja lililonse limene labzala marigold lisiye maluwa angapo kuti aume pamtengo, liwafikise, lisunge njere m'envulopu pamalo ouma, ndi kugawirako anansi. Amene ali ndi mafunso okhudza nthaka ya pamalo pake afunse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake.