Akaunti ya dzina labodza, nanga ikubisa ndani?

Abale ndi alongo anga, makamaka inu amene mwalemba MSCE ndipo maso ali ku yunivesite.

Nthawi yodikira zotsatira ndi yaitali, ndipo foni imakhala m'manja tsiku lonse. Ndikuona ambiri akutsegula maakaunti a maina ongopeka, chithunzi cha mkango pamwamba, basi n'kuyamba kunyoza anzawo, aphunzitsi awo akale, ngakhale mashehe. Mumtima akuti palibe angandidziwe. Tiyeni tione ngati zili choncho.

Tiyambe ndi foni yomweyo. Kuyambira 2018, simu kadi ya TNM kapena Airtel imalembetsedwa ndi chiphaso, potsatira lamulo la MACRA. Ndiye akaunti yabodzayo munatsegula ndi nambala ya ndani? Palinso lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, loletsa kuzunza kapena kuopseza munthu pa intaneti. Mu 2022 namwino wina ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha zomwe analemba pa WhatsApp zokhudza mtsogoleri wa dziko. Omenyera ufulu anadzudzula kumangako, ndipo inenso sindinakuone bwino. Koma taonani apa: mawu olembedwa pa gulu anatuluka kunja.

Nthawi zambiri sipafunikanso apolisi ayi. Blantyre ndi yaing'ono, abale. Lero mwalemba kuti magetsi azima ku Bangwe, mawa mukudandaula za mtengo wa minibasi ya ku Limbe, Lachisanu mwaponya chithunzi mutangotuluka ku Jumu'ah. Amene munakhala naye desiki imodzi Fomu 4 wakuzindikirani kale ndi kalembedwe kanu. Chatsala ndi screenshot imodzi yokha.

Wina afunsa, zikukhudzana bwanji ndi sukulu? Zoona, kusankhidwa kupita ku MUBAS, KUHeS, MUST kapena UNIMA kudzera ku NCHE kumatengera mmene mwakhozera mayeso. Koma malo okha sakwanira. Ambirife tidzafuna thandizo la fizi, kalata ya umboni kwa ahedi kapena kwa shehe wa pa mzikiti, mwinanso intavyu. Zimenezi amapanga ndi anthu, ndipo anthuwo nawonso ali pa Facebook. Shehe amene munamunyoza mobisala ndi yemweyo mudzamupemphe siginecha.

Kunja ndiye zinachitika kale poyera. Mu 2017 yunivesite ya Harvard ku America inalanda malo ophunzira osachepera 10 amene inali itawasankha kale. Chifukwa chake chinali zithunzi zanthabwala zomwe ankatumizirana pa kagulu kawo kachinsinsi ka pa Facebook, zoseka ogwiriridwa ndi mitundu ina ya anthu. Iwo ankaona ngati macheza chabe.

Nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya Ismail Ajjawi, mnyamata wa ku Palestine wokulira ku Lebanon. Mu Ogasiti 2019, ali ndi zaka 17, anafika pa bwalo la ndege ku Boston kukayamba maphunziro ku Harvard komweko. Iye anafotokoza kuti ogwira ntchito pa chipata anafufuza foni ndi laputopu yake, n'kumufunsa za zomwe anzake analemba, osati iye. Anamubweza. Alhamdulillah, anthu anamumenyera nkhondo ndipo analoledwa kulowa patatha masiku angapo, koma si aliyense amene ali ndi omuyankhulira otero. Chaka chomwecho fomu ya viza ya ku America inayamba kufunsa maina onse amene munthu wagwiritsa ntchito pa masamba a mchezo m'zaka 5 zapitazo. Onse, kuphatikizapo la mkango lija. Ukalilemba aliwerenga, ukalibisa wanama pa fomu.

Sindikunena kuti kubisa dzina n'koipa nthawi zonse. Mlongo amene akuchitiridwa nkhanza kunyumba ndipo akufuna uphungu ali ndi chifukwa chomveka chosadzitchula. Vuto ndi pamene dzina labodza likutipatsa mphamvu yolemba zomwe sitinganene mayi athu ali pompo. Surah Al-Hujurat inaletsa miseche, kunyozana, kuitanana maina oipa ndi kufufuza zinsinsi za anzathu, ndipo sinapatule olemba mobisa. Surah Qaaf imatikumbutsa za angelo olemba mawu athu onse. Amenewo safunsa kuti akauntiyo ili m'dzina la ndani.

Ndiye madzulo ano, mukaswali Maghrib, tengani foni muyang'ane magulu onse amene mulimo. Gulu lomwe ntchito yake ndi kugawana zithunzi za atsikana ndi kutukwana, tulukanimo ngakhale inu simulembamo kanthu. Bwererani m'mbuyo pa zomwe munalemba, mufufute zoyenera kufufuta. Dziwani kuti screenshot yomwe ili mu foni ya wina simungaifufute. Ngati pali munthu amene munamuipitsira mbiri, ma ulama amaphunzitsa kuti tawbah ya tchimo lokhudza munthu mnzako imafunanso kukonza zomwe unaononga. Mulembereni kapena mupiteni, m'dzina lanu lenileni, ndipo pomwe munamunamizira pagulu mukakonzenso pagulu pomwepo.