Makina Ofunsa Mlendo Dzina: DHIS2 kwa Alembi a Zipatala

Makolo athu, mlendo akafika pabwalo, sankamutambasulira nkhani za m'mudzi asanamve kumene wachokera ndi mfumu imene yamtuma. Ndipo mwambo womwewo ndiwo umayendetsa DHIS2, pulogalamu yosunga ziwerengero za odwala, imene imakonzedwa motsogozedwa ndi University of Oslo, ndipo idafalikira m'Tanzania monse pofika 2013 mwa khama la Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi akatswiri a University of Dar es Salaam. Kwathu ku Malawi nakonso malipoti a mwezi a zipatala amadzera momwemo.

Mwachitsanzo, mlembi wa m'boma la Temeke ku Tanzania akalemba dzina lake ndi mawu ake achinsinsi, pulogalamuyo imafunsa seva, ndiye kompyuta yaikulu yosunga zonse, pa adiresi yotchedwa /api/me. Ndipo yankho limadza lotchula dzina la mlembiyo, chipatala chimene adamuikako, ndi ulamuliro umene adampatsa, kotero kuti mafomu a malipoti a malo ake amatseguka, koma a maboma ena, monga Kinondoni ndi Ilala, iye sangawakhudze. Chifukwa chake tikudandaulirani, abale, musabwereke mnzanu mawu achinsinsi, angakhale akhale wokondedwa motani, pakuti chilichonse cholembedwa pamenepo chidzawerengedwa pa mutu wa mwini dzina.

Funso lachiwiri, lopita ku /api/system/info, ndilo la makinawo eni ake: nambala ya mtundu wa pulogalamu, tsiku ndi ola la seva, ndiponso nthawi imene matebulo a malipoti adawonkhetsedwa komaliza. Chomalizachi ndicho chasautsa alembi ambiri. Pakuti munthu alowetsa chiwerengero cha odwala malungo m'mawa, nayang'ana lipoti masana, ndipo posachipeza atekeseka mtima nayamba kutukwana makina osalakwa, pamene chiwerengerocho chili chikhalire, kudikira kuwonkhetsa kumene kawirikawiri kumachitika usiku. Indetu, safunsa adadya phula.

Inu simufunika kulemba maadiresi amenewa, ndi ntchito ya okonza mapulogalamu. Dinani chizindikiro cha dzina lanu pakona yakumwamba, musankhe About DHIS2, ndipo zonsezi mudzaziona. Musanaimbire foni mkulu wa ziwerengero wa m'boma lanu kudandaula za vuto lililonse, yambani mwalemba papepala nambala ya mtundu wa pulogalamuyo ndi ola limene matebulo adawonkhetsedwa.