Chambo cha ku Malombe Sichinathe Chokha

Mtsinje wa Shire ukatuluka m'nyanja ya Malawi umadutsa pa tawuni ya Mangochi, n'kuyenda pang'ono, kenaka n'kutambasuka m'chigwa usanapitirire ulendo wake wa ku Liwonde. Pamene watambasukapo ndi pamene timati nyanja ya Malombe. Ndi nyanja yosaya, ya matope pansi, moti munthu wodziwa kumira amakagunda pansi osavutika. Kusaya komweko ndiko kunali chuma chake: zomera za m'madzi zinkamera bwino, ndipo nsomba zinkapeza chakudya ndi pobisala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, asodzi a ku Malombe ankavuula chambo chokwana matani pafupifupi 8,000 pa chaka. Patangotha zaka khumi, chambo cha chaka chonse sichinkafika ndi matani 1,000 omwe. Mpaka lero sichinabwerere mwakale.

Nyanjayi sinaphwe monga inachitira Chilwa mu 1995. Palibe anathiramo chiphe, ndipo palibe mlendo anabwera ndi sitima usiku kudzakokolola nsomba anthu ali m'tulo. Chambo chinatha masana dzuwa likuswa mtengo, m'manja mwa anthu odziwana maina, opemphera limodzi, okwatirana. Aliyense wa iwo anali ndi chifukwa chomveka chochitira zimene ankachitazo.

Kuti timvetse chimene chinachitika, tiyambe tachidziwa chambocho. Nyengo yoswana ikafika, nsomba yaimuna imapita kumadzi osaya n'kukonza chisa chake pansi, kadzenje kozungulira kosesedwa bwino, ndipo imachilondera kuti ina isayandikire. Yaikazi ikabwera n'kuikira mazira, siwasiya pamenepo. Imawatola n'kuwasunga m'kamwa, ndipo imakhala nawo choncho kwa masabata angapo, osadya mokwanira, mpaka ataswa. Ngakhale ataswa, tianato timasambira pafupi ndi mayi wawo, ndipo tikaona choopsa timathamangira m'kamwa momwemo. Ndiye kuti msodzi akagwira nsomba imodzi yaikazi m'nyengo imeneyi, sanagwire imodzi. Aliyense amene anaimapo padoko khoka likutuluka anaonapo chambo chikuphiriphitha pamchenga uku chikulavula mazira. Ana a padoko amangowaponda.

Tsono ku Malombe kunachuluka makoka a maso aang'ono. Cholinga chake chinali kugwira kambuzi, kansomba kakang'ono kamene kamauma msanga pathandala ndipo kamayenda malonda m'misika ya kumtunda. Panali makoka okokera kumtunda, kenaka panabwera khoka la nkacha, limene amaponya pakati pa nyanja ndi maboti awiri. Akalizunguliza, mnyamata mmodzi amamira n'kukamanga kunsi kwake kuti nsomba zisapeze potulukira. Nzeru yake ndi yogometsa, ndipo amene anaitulukira sanali munthu wamba. Vuto ndi lakuti khoka silisankha. Limodzi ndi kambuzi munkalowa kasawala, tiana ta chambo tomwe tikanakula n'kudzaswana. Polikoka, linkasesa pansi, kugumula zisa ndi kuzula zomera zimene tinsomba tinkabisalamo. Chaka ndi chaka makoka ankachuluka, maso ake ankacheperachepera, ndipo pansi pa nyanja pankasanduka chipululu cha matope.

Asodziwo sanali osadziwa. Palibe munthu wodziwa chambo kuposa amene anakulira m'bwato. Ankadziwa mwezi umene chimaswana, ankadziwa malo ake, ankadziwa kuti kasawala ndi chambo cha mawa. Chimene chinawagonjetsa ndi chiganizo chimodzi chimene chimamveka chanzeru munthu akamachilankhula yekha: "Ndikaisiya ine, aigwira mnzanga." Ena amachikometsera ndi mwambi, amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndipo kunena zoona, kwa munthu mmodzi pa tsiku limodzi, chiganizochi sichinama. Ukabweza nsomba m'madzi, mwina mawa igwidwadi ndi wina. Koma anthu zikwi akachilankhula tsiku lomwelo, aliyense mumtima mwake, chimasanduka chigamulo cha mudzi wonse, chopanda bwalo, chopanda woitanira. Ndipo chigamulocho chikayamba kuluma, palibe amene amavomera kuti anakwezako dzanja.

Pali amene anganene kuti kulankhula chonchi ndi kunyoza amphawi. Mawu awo ndi omveka, ndipo sitingawaponye kumbali. Kalembera wa mu 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni m'dziko muno. Wa mu 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni. Minda yachepa, ntchito kulibe, ndipo mnyamata wa m'mbali mwa nyanja akalephera sukulu, khomo limene limakhala lotsegula ndi la padoko. Mwana akulira njala, bambo sangamuuze kuti adikire chambo chikule. Komabe tisaiwale kuti khoka la nkacha ndi maboti ake awiri sagula mmphawi. Amene ankasankha kukula kwa maso a khoka kawirikawiri anali eni zipangizo, anthu a nyumba za malata, ena a magolosale, amene akanatha kupirira miyezi iwiri osafa ndi njala. Anyamata okoka khoka ankangotsata, chifukwa malipiro awo ankadalira zimene zagwidwa tsikulo. Umphawi ulipo ndithu, koma nthawi zambiri umagwiritsidwa ntchito ngati chishango cha anthu amene si amphawi.

Chambo chitachepa, kwa kanthawi zinaoneka ngati palibe chatayika, pakuti kambuzi ankagwidwa wochuluka ndipo ndalama inkalowabe. Apa ndi pamene pamapusitsa. Zotsatira za zochita zathu sizibwera tsiku lomwelo. Zimayamba zatipatsa nthawi yoti tikhulupirire kuti ochenjeza aja ankangobwebweta. Kenaka kambuzi nayenso anayamba kuchepa. Maboti ena anasamukira ku nyanja ya Malawi kukapanikizana ndi eni ake kumeneko. Mlimi akadya mbewu yake m'mwezi wa Okutobala amakhuta ndithu, ndipo anzake amene amanga mimba amaoneka opusa mpaka mvula itagwa.

Boma silinangokhala. Mu 1993 ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire kunayambika ndondomeko yoti asodzi eni ake azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba, ndipo m'madoko munakhazikitsidwa makomiti. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la za usodzi limene linapereka mphamvu ku makomiti otere. Malamulo alipo: nyengo yotseka nyanja kuti nsomba ziswane, kukula kwa maso a makoka, ndi msinkhu wa nsomba yololedwa kugwidwa, umene kwa chambo ndi masentimita 15. Papepala zonse zili bwino. Koma lamulo silipalasa bwato. Wa komiti ndi mlamu wake wa mwini khoka. Amene akuyenera kulanda khoka loletsedwa mawa akakumana ndi mwini wake pamaliro. Alangizi a za usodzi ndi ochepa, mafuta a boti loyendera nyanja amasowa. Pamapeto pake nkhani imabwerera kwa munthu mmodzi ali yekha m'bandakucha, khoka lili m'manja, palibe womuona.

Ndiye pali za masikito. Neti imene mayi woyembekezera walandira kuchipatala kwaulere kuti iye ndi khanda asadwale malungo, imapezeka itasokereredwa kuthumba la khoka. Maso ake ndi aang'ono moti ngakhale kansomba kongoswedwa kumene sikapulumuka. Banja limodzi, ndi chosankha chimodzi, laika mwana wake pa udzudzu ndipo lamudyeratu ndiwo zimene akanadya atakula. Apa palibe boma kapena mlendo woti timuloze chala.

Kuti tione kuti zinthu zikanatha kuyenda mwina, sitifunika kupita kunja. Ku Salima, mkati mwa nyanja ya Malawi moyang'anana ndi doko la Chikombe, kuli chilumba cha Mbenje. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, pansi pa ufumu wa Makanjira, chilumbachi chimatsekedwa chaka chilichonse. Mwezi wa Disembala ukafika pamachitika mwambo wotseka, asodzi onse amapasula misasa yawo n'kuchoka, ndipo palibe woponya khoka m'madzi ozungulira chilumbacho mpaka mwambo wotsegulira mu Epulo. Nthawi yosodza ikafika, pachilumbapo pali malamulo ake: mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, ndipo akazi saloledwa kufikapo. Wophwanya malamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Lamulo lokhudza akazi anthu amatsutsana nalo masiku ano, ndipo mkanganowo ndi woyenera kuumva; koma si umene watibweretsa pano. Chimene chatibweretsa ndi chakuti patapita zaka zoposa 60, madzi a ku Mbenje akadali odziwika ndi utaka wonona, ndipo asodzi amachokera kutali kudzapempha malo.

Asodzi a ku Mbenje si angelo, ndipo si olemera kuposa a ku Malombe. Miyezi inayi yopanda khoka imawawa kulikonse. Ena amapita kukalima, pakuti ndi nthawi ya dzinja, ena amakasodza kwina. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko munthu akasiya nsomba amadziwa kuti mnzake nayenso waisiya, chifukwa anagwirizana pamaso pa mfumu ndipo wozembera amadziwika. Chiganizo chija chakuti aigwira mnzanga chinathyoledwa msana. Koma mfumu yokha sikanatha kulondera madzi usiku wonse kwa zaka zonsezi. Mwambowu wakhalitsa chifukwa msodzi aliyense payekha, chaka ndi chaka, amasankha kumvera pamene akanatha kuzemba, ndipo amalolera kudana ndi mbale wake pomuulula. Udindo wa gulu ndi maudindo a anthu amodziamodzi ataunjikana. Ukachotsapo wako, muluwo wachepa.

Mwina inu owerenga muli ku Lilongwe kapena ku Blantyre, simunagwirepo nkhafi, ndipo mukuti nkhaniyi ndi ya anthu a kunyanja. Dikirani kaye. Khoka limaponyedwa chifukwa kumtunda kuli wogula. Mu 2018, bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, linaika mitundu ya chambo cha m'nyanja ya Malawi m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu. Chaka chomwecho, ndi zaka zotsatira, tinapitiriza kuima pamsika n'kumatsitsa mtengo wa mulu wa tinsomba tosakwana chikhatho, tikudziwa bwino kuti ndi tiana ta chambo. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala, pamene makoka a chambo amayenera kukhala atapachikidwa, timaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu wa ku Mangochi n'kumangirira chambo chamazira pagalasi, osafunsa kanthu. Tikafika kunyumba timadandaula kuti chambo chakwera mtengo, kuti masiku ano ndi ndiwo ya mabwana, kuti boma likugona. Ifenso timalankhula chiganizo chomwe chija, tangosintha mawu awiri: ndikaisiya ine, aigula wina.

Ana ambiri obadwa m'midzi yozungulira Malombe lero akukula akumva kwa agogo awo kuti kale chambo chinkadyedwa mpaka kutopa nacho, ndipo chotsala ankapatsa alendo. Anawo sanalakwe kanthu. Akukhala moyo umene anawakonzera anthu amene ankawakonda, anthu amene m'mawa uliwonse ankati lero lokha.

Masentimita 15 ndi theka la rula ya mwana wa sukulu. Mukadzapita kumsika sabata ino n'kupeza mulu wa chambo chosafika pamenepo, musagule, ndipo muwauze mayi kapena bambo ogulitsawo, mwaulemu, chifukwa chimene mwausiyira.