Nkhondo ya pa Tebulo: Makalata a Omvera

Muulutsi: Makalata a lero akukhudza masewera amene ambiri kuno kwathu sitinawazolowere, a nkhondo ya pa tebulo. Awa ndi aja anthu amandandalika tizidole ta asilikali pa tebulo kapena pa mapu, n'kumayeza mtunda ndi tepi, n'kumaponya madayisi kuti adziwe ngati chipolopolo chalasa kapena chaphonya. Muno tili ndi bambo amene akhala akuyendetsa makalabu a masewerawa kwa nthawi yaitali. Bambo, takulandirani.

Katswiri: Zikomo, mayi. Moni nonse kunyumbako.

Muulutsi: Yoyamba yachokera kwa mphunzitsi wa sekondale ku Dedza. Akuti: "Ndayambitsa kagulu ka ana kosewera masewerawa Loweruka. Makolo ena akuti ndikuphunzitsa ana awo kukonda nkhondo. Ndiwayankhe bwanji?"

Katswiri: Aphunzitsi, makolowo musawapeputse, chifukwa chimene akuopacho chili ndi pochokera. Masewerawa anabadwira m'manja mwa asilikali. M'chaka cha 1824, msilikali wachinyamata wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anakonzanso masewera amene bambo ake anayamba, n'kukawaonetsa kwa mkulu wa asilikali, Karl von Müffling. Mkuluyo ataonerera anawatenga ngati chida chophunzitsira nkhondo, ndipo posakhalitsa magulu a asilikali a dzikolo analamulidwa kukhala nawo. Dzina lake linali Kriegsspiel. Prussia itagonjetsa France mu 1871, mayiko ena anayamba kutengera.

Koma amene anathandiza kwambiri kuti masewerawa alowe m'nyumba za anthu wamba anali munthu wodana ndi nkhondo, mlembi wa ku England uja H. G. Wells. Buku lake la malamulo, Little Wars, linatuluka mu 1913. Maganizo ake anali akuti munthu amene wasewerako kangapo amaona yekha mmene nkhondo yeniyeni ilili yopusa ndi yosokonekera. Chaka chotsatira nkhondo yeniyeniyo inabuka, ndipo pa 9 Sepitembala 1914 inali itafika pa Karonga.

Ndiye musalimbane nawo pakamwa makolowo. Aitaneni Loweruka lina adzaonerere. Konzani tebulo la Karonga, nyanja uku, mtsinje wa Rukuru uku. Pambali pa asilikali a King's African Rifles ndi a Germany, ikaninso amtengatenga, agogo athu amene zikwizikwi anasenza katundu m'zaka za nkhondo imeneyo, ambiri mokakamizidwa, ena osabwereranso kwawo. Ikani lamulo loti gulu limene katundu wake sanafike silingawombere. Mwana amene wagonja chifukwa anaiwala amtengatenga ake adzakufunsani kuti anthu amenewa anali ayani, ndipo kholo limene laima kumbuyo kwake lidzamva funsolo ndi makutu ake.

Muulutsi: Yachiwiri ndi yaitali, ndiidula pang'ono. Yachokera kwa m'bale wathu wa ku Ntcheu amene akugwira ntchito ku Leeds, ku England. Akuti: "Ndinalowa kalabu ya kuno kuti ndipeze anzanga ocheza nawo. Tsiku lina tinkasewera nkhondo ya Azulu ndi Angerezi. Bambo wina anayamba kulira ngati nyani uku akusuntha tizidole ta Azulu, n'kunena kuti ine ndiye ndiziwatsogolera poti ndi abale anga. Ena anaseka, ena anangowerama. Nditadandaula kwa wapampando, anati munthuyo ndi wanthabwala basi, wakhala m'kalabumo zaka zambiri. Ndisiye kupitako?"

Katswiri: Achimwene, pepani kwambiri. Zimene anakuchitiranizo ndi chipongwe, ndipo musalole munthu akuuzeni kuti mukukulitsa nkhani.

Ndiyambe ndi za pa tebulopo. Pa 22 Januwale 1879, pa Isandlwana, asilikali a mfumu Cetshwayo, motsogozedwa ndi Ntshingwayo, anafafaniza msasa wa Angerezi. Anthu oposa 1,300 a mbali ya Angerezi anafera pomwepo, ena mwa iwo Aafirika amene analembedwa usilikali ku Natal. Azulu anayenda ndi gulu la anthu pafupifupi 20,000 n'kulibisa m'chigwa osaonedwa, ndipo nkhondo itayamba anatambasula magulu awiri ngati nyanga kuzungulira msasawo pamene gulu lapakati, chifuwa, linkakankha kutsogolo. Munthu amene akulira ngati nyani pa tebulo limenelo sakudziwa n'komwe nkhondo imene akusewera. Kusewera Isandlwana pakokha si kulakwa, ine ndimalimbikitsa, chifukwa amene wayesapo kuteteza msasa umenewo ndi madayisi amachokapo akulemekeza amene anaugwetsa.

Mlandu waukulu ndikuupereka kwa wapampandoyo. Anthu a pakamwa ponyansa sasowa pagulu lililonse, n'chifukwa chake gulu limasankha mtsogoleri. Iye atamva dandaulo lanu anayerekeza zinthu ziwiri, zaka za mnzake ndi ulemu wanu, n'kusankha zaka. Aja anaweramawo anali kudikira kuti wina alankhule. Wapampando akanangonena pomwepo, pamaso pa onse, kuti muno zimenezo ayi, anthu amenewo akanakhala kumbali yanu.

Nkhani zotere zachitikapo ngakhale m'mipikisano ikuluikulu. Mu 2021, pa mpikisano wina wa masewera otchedwa Warhammer 40,000 ku Spain, munthu anabwera atavala zizindikiro za chipani cha Nazi, ndipo okonza mpikisanowo sanamutulutse. Anthu anakwiya m'mayiko ambiri. Mu Novembala chaka chomwecho kampani yopanga masewerawa, Games Workshop ya ku Nottingham, inalengeza kuti wobwera pa zochitika zake ndi zizindikiro za magulu a chidani adzauzidwa kuti atuluke. Chilengezocho chinali chabwino, koma chinabwera zinthu zitaonongeka kale. Kalabu iliyonse ilembe lamulo lotere lisanafike tsiku la vuto, chifukwa likalembedwa pambuyo pake limaoneka ngati lalembedwera munthu mmodzi.

Tsono inu chitani izi. Lemberani komiti yonse, osati wapampando yekha. Tchulani tsiku, mawu amene ananenedwa, ndi zimene mukufuna: kuti munthuyo adzudzulidwe ndiponso kuti lamulo lilembedwe n'kupachikidwa poonekera. Mukapeza mmodzi mwa aja anawerama kuti asainire nanu, kalatayo idzalemera. Akakana, chokani, makalabu ku England ndi ambiri. Koma pochoka auzeni chifukwa chake. Ndipo mudziwe kuti si udindo wanu kuphunzitsa akuluakulu amenewo khalidwe. Ngati mtima wanu watopa, muli ndi ufulu wongochoka.

Muulutsi: Koma bambo, ena anganene kuti lamulo likachuluka macheza amatha, anthu amayamba kuopa kuseka.

Katswiri: Kuseka kulipo kwambiri pa masewerawa, mayi. Munthu akaponya madayisi asanu onse n'kugwera pa wani, gulu lake lonse n'kuthawa, nyumba yonse imafa ndi phwete, mwini wake yemwe. Lamulo limene ndikunena ndi lalifupi: sekani tizidole, sekani madayisi, koma mtundu, khungu, chipembedzo, kulumala kapena thupi la mnzanu, musakhudze.

Muulutsi: Chabwino. Nayi ya wapampando wa kalabu ina ku Blantyre. Akuti: "Tili ndi membala wodziwa malamulo onse pamtima. Tizidole tambiri ndi take, ngakhale nsalu ndi timapiri ta pa tebulo. Koma alendo amawagonjetsa mopanda chifundo, ndipo amaimitsa masewera kwa nthawi yaitali akutsutsa za malamulo. Obwera kumene sabweranso. Tikamudzudzula achoka ndi katundu wake."

Katswiri: Apampando, vuto ili ndi limene limapha makalabu ambiri, ndipo limapha mwakachetechete, chifukwa mlendo amene wanyansidwa sadandaula. Amathokoza, amatsanzika bwino, sabweranso. Paja akuluakulu anati mlendo ndi mame. Inu mwachita bwino kuzindikira, ambiri amangodabwa kuti mipando yayamba kutsala.

Tibwerere kwa Reisswitz uja. Pa Kriegsspiel panali munthu wachitatu, woweruza. Osewera sankasuntha okha asilikali. Ankalemba malamulo awo pa pepala n'kupereka kwa woweruzayo, iye n'kusuntha, n'kuuza aliyense zokhazo zimene asilikali ake akanatha kuona. Patapita zaka malamulo anachuluka mpaka akuluakulu a asilikali anayamba kugwa nawo ulesi masewerawo. Mu 1876 Julius von Verdy du Vernois anatulutsa njira ina, yoti woweruza wodziwa ntchito azigamula yekha msanga m'malo mofufuza m'mabuku. Choncho kukangana za malamulo si matenda a ku Blantyre okha, ndipo mankhwala ake anapezeka kale. Tsiku lililonse la masewera sankhani woweruza, musinthane. Mkangano ukapitirira mphindi ziwiri, iye agamule, kapena aponye dayisi, masewera apitirire. Buku litsegulidwe masewera atatha, anthu akumwa tiyi. Chigamulo chikapezeka kuti chinali cholakwika, mudzakonza sabata yamawa, palibe amene wafa.

Za alendo, musamuike mlendo kulimbana ndi katswiri wanuyo pa tsiku loyamba. Aikeni mbali imodzi. Mlendo agwire gulu laling'ono, katswiriyo akhale mkulu wake, kuti kupambana kwa katswiri kudalire mlendoyo. Mudzaona munthu yemweyo akufotokoza moleza mtima. Zili ngati pa bawo: mkulu amene amangodya nkhomo za mwana osamuonetsa potakata, mawa lake amakhala yekha ndi bawo lake pa mthunzi. Anthu ambiri otere si oipa mtima. Amakonda masewerawa kwambiri ndipo palibe amene anawauzapo mmene amaonekera kwa mlendo. Mutengereni pambali, muyambe ndi kuyamika zimene wachitira kalabu, kenako mumuuze mosapita m'mbali kuti anthu akuthawa.

Akapanda kusintha, chenjezo lilembedwe m'buku la komiti, kenako aimitsidwe mwezi umodzi. Ndondomeko imeneyi ikhale yofanana kwa aliyense, ngakhale mlamu wanu. Ndipo yambani lero kupanga katundu wa kalabu. Mapiri amapangidwa ndi makatoni, mitengo ndi waya ndi siponji, utsi wa mizinga ndi thonje. Kalabu imene tebulo lake lili m'chikwama cha munthu mmodzi singathe kumudzudzula munthuyo.

Chinanso chaching'ono: lembani dzina la aliyense wobwera koyamba, ndipo akapanda kuonekanso, wina amuimbire foni, amufunse zimene sanakonde. Mayankho ake akhoza kukuwawani, koma palibenso kwina kumene mungawapeze.

Muulutsi: Mtsikana wa pa koleji ku Zomba akuti: "Ndine mkazi ndekha pa kalabu yathu. Ndikafuna kusuntha asilikali anga, anyamata amandigwirira tizidole n'kundisunthira, ati akundithandiza. Ndikapambana amati andilekerera."

Katswiri: Chemwali, khalidwe limeneli ndi lakale ngati masewera omwewa. Wells yemwe ndamuyamika uja, pa mutu wa buku lake analembapo kuti masewerawa ndi a anyamata, atsikana n'kuwatchula mongowonjezera, ndiponso monyoza. Masiku ano palibe chifukwa chopitirizira zimenezo. Pali lamulo limene osewera ambiri amalitsata: sugwira kachidole ka mnzako osapempha. Linayamba chifukwa anthu amatha maola akupenta tizidoleti, koma limakutetezaninso inu. Pemphani wapampando alinene pamaso pa onse ngati lamulo la aliyense. Malangizo aperekedwe kwa amene wapempha. Za kukulekererani, pemphani kuti zotsatira za masewera zizilembedwa pa bolodi mwezi wonse. Ndipo kwa apampando amene mukumvera, mkazi mmodzi pakati pa amuna khumi amatopa msanga. Mukafuna akhale, itanani awiri kapena atatu nthawi imodzi, ndipo masewera azitha kusanade kuti aliyense ayende bwino.

Muulutsi: Nthawi yatithera, koma tiwerenge kamodzi aka. Mnyamata wa ku Chipata akuti amafuna kulowa kalabu koma alibe ndalama zogulira tizidole, ndipo akuopa kusekedwa.

Katswiri: Mphwanga, tizidole ta m'masitolo a kunja ndi todula zedi, ngakhale kwa azungu eni ake. Koma asilikali a ku Prussia ankasewera ndi timidadada topaka utoto pa mapu, popanda kachidole ngakhale kamodzi. Palinso malamulo otchedwa De Bellis Antiquitatis, amene anatuluka mu 1990, m'mene gulu lonse la nkhondo limakhala ndi zidutswa 12 zokha, ndipo masewera amatha pafupifupi ola limodzi. Dulani katoni yolimba zidutswa 12, mulembepo kuti awa a mikondo, awa a mauta, awa a pa akavalo, mupite nazo. Kalabu yabwino imasunganso gulu limodzi kapena awiri obwereketsa alendo, choncho funsani wapampando musanapite, mwina simufunika kunyamula kanthu.

Muulutsi: Omvera, makalata amene sitinawerenge tidzayamba nawo sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.