Tiziimba za eni kapena zathu?

Funso: Ndine woliza lipenga mu bandi ya anyamata asanu ndi mmodzi kuno ku Blantyre, ndipo timaimba ska. Tili pa mkangano. Tikaimba nyimbo za eni, monga za The Skatalites ndi Madness, anthu amadzaza bwalo ndipo mwini malo amatiitananso. Tikangoyamba zopeka tokha, ena amakhala pansi, ena amapita kukagula chakumwa. Wa bezi akuti zopekazo tizisiye chifukwa sizidyetsa. Ine mtima ukukana. Titani?

Woliza lipenga, Blantyre

Yankho: Achimwene, mnzanu wa beziyo musamuweruze msanga, chifukwa mbiri ya ska ikumuikira kumbuyo. Nyimbo imene inatulutsa ska kunja kwa Jamaica, My Boy Lollipop ya Millie Small ya mu 1964, inali ya eni: Barbie Gaye anali ataijambula kale ku America mu 1956. Guns of Navarone, imene The Skatalites amadziwika nayo, inachokera mu filimu ya nkhondo ya mu 1961. Ku England, a Madness anatenga kwa Prince Buster, woimba wa ku Jamaica, dzina la bandi yawo komanso nyimbo ya One Step Beyond. Choncho kuimba za eni si manyazi.

Koma tamvetserani zimene anthuwa anazichita nyimbozo. The Skatalites anatenga nyimbo ya mu filimu n'kuipereka kwa oliza malipenga, gitala n'kumadula pakati pa kugunda kwa ng'oma, mpaka inasanduka ya dansi ya ku Kingston. Anyamata a ku England anafika ndi liwiro ndi ukali wa punk. Palibe amene anangotsanzira ndendende ngati wailesi. Ndipo poti ndinu wa lipenga, dziwani kuti The Specials a ku Coventry pojambula A Message to You Rudy mu 1979 anaitana Rico Rodriguez, yemwe analiza trombone pamene Dandy Livingstone ankaijambula koyamba mu 1967. Ulemu kwa eni nyimbo ndi umenewo.

Apa ndi pamene ndikusiyana naye wa beziyo. Mu 1981 The Specials omwewo anatulutsa Ghost Town, yopeka Jerry Dammers, yonena za ulova ndi malo achisangalalo otsekedwa m'mizinda ya kwawo. Inakhala pa nambala wani pa mndandanda wa nyimbo zotchuka kumeneko milungu itatu, achinyamata ali pa zipolowe m'misewu. Nyimbo yobwereka ku Jamaica sikadatha kunena zimenezo. N'chimodzimodzi za ku Ndirande, za kudikira minibasi ku Limbe, za malipiro otha mwezi usanafike pakati: Prince Buster sanazione, mwaziona ndinu. Evison Matafale ndi Black Missionaries a ku Chileka anatenga reggae ya ku Jamaica komweko n'kuikamo zawo m'Chichewa, ndipo anthu akuziimbabe mpaka lero.

Anthu akakhala pansi sindiye kuti nyimbo yanu ndi yoipa. Munthu amavina chimene khutu lake linazolowera. Ndiye yanuyo muziiika pakati pa ziwiri zotchuka, wa ng'oma asaime, ndipo musalengeze kuti tsopano tiimba yathu. Kolasi ikhale yaifupi, ya m'Chichewa, yoti munthu aigwire ulendo wachiwiri. Muziibwereza paliponse pamene mwaimba. Ikafika kakhumi anthu akadali pa mipando, vomerani kuti ikufunika kukonza, ndipo muyambire pa malipenga, poti mu ska ndi amene amadzutsa anthu. Ku ukwati ndi ku chinkhoswe imbani zimene eni mwambo apempha, ndalamayo ikalipire situdiyo.

Mnzanuyo mumuuzenso izi: ndalama zimene bungwe la COSOMA limatolera nyimbo ikaseweredwa pa wailesi zimatsata eni nyimbo. Ya Madness ngakhale muiimbe bwino chotani, siidzakhala yanu. Loweruka likudzali ikanimo zanu ziwiri, ndipo mundilemberenso kundiuza mmene bwalo linalili.