MAINA AKAOMBANA M'KATI MWA KOMPYUTA

Anzanga ndi inu aphunzitsi athu, nkhani imene ndifuna kukamba pano ndi ya maina. Tonse tidziwa kuti kuno ku Mitundu a Banda ndi a Phiri ndi ambiri, kotero kuti mphunzitsi akaitana dzina limodzi m'kalasi, nthawi zina amaimirira anthu awiri. Pamenepo timangoseka, mphunzitsi naonjeza mau akuti, "Ndikunena wa ku Nathenje uja," nkhani n'kutha. Koma kompyuta siidziwa kufunsa kuti, "Mukunena uti?" Ikapeza zinthu ziwiri za dzina limodzi pa malo amodzi imangoima, nikana kugwira nchito. Zimenezi zinationekera ife a kalabu ya makompyuta, ndipo ndati ndizilembe, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

ZIMENE ZINATIONEKERA

Tsiku lina Lachisanu masana tinali atatu pa kompyuta imodzi. Aphunzitsi anatiuza kuti tilembe pulogalamu m'chinenero cha C++ yopeza gradient ya mzere woongoka, ndiko kupendekeka kwake, monga tichitira pa masamu. Nonse mukumbukira lamulo lake: kuchotsa y1 mu y2, kuchotsa x1 mu x2, ndi kugawa yankho loyamba ndi lachiwiri. Tinayesa kuti ndi nchito ya kanthawi kochepa. Pamwamba tinalemba #include <cmath>, chifukwa tinafunanso kupeza utali wa mzerewo, ndipo pamenepo pafunika square root. Pansi pake, tisanafike pa main, tinalemba maina a malo osungiramo manambala athu motere:

double x1, y1, x2, y2;

Tsono compiler, ndiye womasulira amene atembenuza zolemba zathu kuti makina azimve, anakana kwamtuwagalu. Anati y1 "redeclared as different kind of entity", kutanthauza kuti dzinali linaperekedwa kale kwa chinthu cha mtundu wina. Chodabwitsa chinali chakuti x1, x2 ndi y2 sanadandaule nao konse. Tinawerenga pulogalamu yonse kasanu, osapeza y1 wina. Pomalizira tinatembenukira mnzathu wa ku Nathenje, amene anali kutaipa, nitimnena kuti waononga chinthu m'kompyutamo. Iye anakana, ife tinalimbikira. Belu linalira nchito isanathe, ndipo mnzathuyo anachoka wokwiya, nanena kuti ku kalabu sadzabweranso.

Amene anatitsegula maso ndi mlongo wake wa mnzathu wachitatu, wophunzira ku Bunda. Atangoona pepala limene tinakoperapo pulogalamuyo anaseka, nati, "Dzinali liri ndi mwini wake kale, ndipo munamuitana ndinu nomwe."

KODI #include ACHITA CHIANI?

Munthu wolemba pulogalamu salemba zonse yekha ai. Chinenero chiri chonse chiri ndi laibulale yake, ndiyo nkhokwe ya tizigawo tolembedwa kale ndi akatswiri, kamodzi ka nchito iyi, kena ka nchito iyo. Kachigawo kotere katchedwa function. Maina a mafunction amenewa amalembedwa m'mafailo otchedwa header. Mwambo umenewu unachokera ku chinenero cha C, chimene Dennis Ritchie anakonza ku Bell Labs, ku America, cha m'ma 1972. Bjarne Stroustrup atayamba nchito yake m'chaka cha 1979, imene inabala C++, anatengera mwambo womwewo.

Tsono taonani apa pamene pagona nkhani. Mukalemba #include, kompyuta siitapa function imodzi yokha imene inu mufuna. Imatenga header yense monga aliri, nimuika m'kati mwa pulogalamu yanu, compiler asanayambe kumasulira. Ndiponso header mmodzi amaitana maheader anzake, iwonso naitana ena. Mzere umodzi wa #include <iostream> umasanduka mizere zikwi zambiri. Ziri monga kuitana mfumu pa chinkhoswe: siibwera yokha, imadza ndi nduna zake, ndunazo ndi akazi ao, ndipo onsewo afuna pokhala.

Ife tinaitana sqrt yekha, koma m'gulu limene linabwera naye munali maina asanu ndi limodzi awa: j0, j1, jn, y0, y1 ndi yn. Amenewa ndi mafunction a masamu apamwamba otchedwa ndi dzina la Friedrich Bessel, Mjeremani wodziwa za nyenyezi, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1784 kufikira 1846. Masamu a mtundu umenewu ndiwo afotokoza, mwa zina, m'mene chikopa cha ng'oma chinjenjemerera akachimenya. Maina amenewa sali m'malamulo eni eni a C, koma ali m'malamulo a POSIX amene Linux ndi makina ena a mtundu wa Unix atsata, ndipo ku Windows apezekanso. Chotero x1, x2 ndi y2 anali malo opanda mwini, koma pa y1 panali patakhala kale munthu. Atambala awiri salira m'khola limodzi.

Mankhwala ake anali apafupi. Tinangosamutsa mzere uja kuulowetsa m'kati mwa main, ndipo pulogalamu inayenda nthawi yomweyo. Chifukwa chake n'chakuti dzina lolembedwa kunja kwa mafunction onse liri pa bwalo, pamene pali maina a laibulale. Koma dzina lolembedwa m'kati mwa function liri ngati dzina la m'nyumba: limveka m'nyumba momwemo, ndipo pamenepo limaphimba la pa bwalo lija.

MPANDA WA MAINA

Akatswiri analiona kale bvutoli. M'malamulo a C++ amene anabvomerezedwa m'chaka cha 1998 muli chinthu chotchedwa namespace, chimene tingati ndi mpanda wa maina. Inu mudziwa kuti kuli Chileka wa ku Blantyre, kumene kuli bwalo la ndege, ndi Chileka wina m'boma lathu lomwe lino la Lilongwe, pa mseu wa ku Mchinji. Munthu akatchula ndi boma lomwe, palibe amene asokera. Momwemonso maina a laibulale ya C++ anaikidwa mu mpanda wotchedwa std, kotero kuti dzina lathunthu la cout ndi std::cout, ndipo la count ndi std::count.

Koma ambiri a ife, pofuna kufupikitsa nchito, timalemba pamwamba mau akuti using namespace std; osadziwa tanthauzo lake. Mau amenewa agwetsa mpanda uja, maina onse a m'katimo namwazikira pa bwalo. Yerekezani kuti mufuna kupeza liwiro la minibasi yochokera ku Nathenje kupita ku Lilongwe. Mwa chizolowezi cha m'kalasi mudzalemba distance ndi time pa bwalo paja. Maina onse awiriwa ali ndi eni ake: time ndi function yakale ya C yofunsira nthawi ku kompyuta, ndipo distance ali mu std. Mukafuna kuwerenga ana a m'kalasi nimulemba count, mutaitana <algorithm>, compiler adzati dzinali ndi "ambiguous", ndiye kuti sadziwa amene mukunena.

Chinanso n'chakuti laibulale imakula. Malamulo a C++ a 2017 anaonjeza maina ngati std::size, std::data ndi std::byte. Mapulogalamu ena amene anali kuyenda bwino kwa zaka zambiri anayamba kukanidwa, eni ake osasinthamo kanthu, chifukwa anali atagwetsa mpanda. Dzina la byte linaombana ngakhale ndi byte wa m'maheader a Windows. Onani tsono kuti ngozi yotere siigwera ana a sukulu okha.

WOSALABADIRA MPANDA

Pali mtundu wina wa dzina woopsya koposa, wotchedwa macro, wolembedwa ndi #define. Macro ali ngati kalaliki wouzidwa kuti, "Pali ponse pamene upeza liu lakuti, ufafanize, ulembepo lakuti." Kalalikiyo safunsa tanthauzo, ndiponso mpanda sauona. Header wa Microsoft wotchedwa windows.h ali ndi ma macro awiri, min ndi max. Munthu akaitana header ameneyu, nalemba std::max pofuna nambala yaikulu mwa ziwiri, kalaliki uja amafafaniza max, mzere wonse nusokonezeka. Njira yake ndi kulemba #define NOMINMAX pamwamba, musanaitane windows.h.

Anzathu amene ayamba Python asayese kuti apulumuka. Mukalemba pulogalamu yoyesera maere, nimusunga failo yanu ndi dzina lakuti random.py, ndiye kuti mwadzitchera msampha. Polemba import random, Python amayamba kufuna m'foda yanu yomweyo, napeza failo yanuyo m'malo mwa ya laibulale. Apa wolanda dzina la mnzake ndinu.

MALANGIZO ASANU

Choyamba, werengani bwino mau a compiler. Kawiri kawiri pansi pa dandaulo lake amatchula failo ndi mzere pamene dzinalo linalembedwa poyamba. Ife mau amenewo anali pamaso pathu, akutchula failo ya laibulale, koma tinali otanganidwa ndi kulozana zala.

Chachiwiri, musaike maina pa bwalo popanda chifukwa. Dzina liri lonse likhale m'kati mwa function imene ilifuna.

Chachitatu, lekani kugwetsa mpanda. Kulemba std:: kungotenga zilembo zisanu. Ngati mufuna cout yekha, lembani using std::cout; kuti alowe yekhayo. Maina anu ochuluka muwamangire namespace yaoyao.

Chachinai, musayambe dzina ndi kamzere ka pansi kotsatana ndi chilembo chachikulu, monga _Nambala, kapena kuikamo timizere tiwiri totsatana. Malamulo a C++ anasungira maina otere anthu olemba compiler ndi laibulale.

Chachisanu, sankhani maina onena chinthu cheni cheni. Apa ife tiri ndi mwai umene Mngelezi alibe. Laibulale inalembedwa m'Chingelezi, tsono maina afupi afupi a Chingelezi ambiri anatengedwa kale. Koma mtunda, nthawi, liwiro ndi chiwerengero ndi minda yosalimidwa. Kwa compiler dzina ndi dzina, kaya la Chingelezi kaya la Chichewa. Mukalemba liwiro = mtunda / nthawi; pulogalamu idzayenda, ndipo ngakhale mng'ono wanu wa Fomu 1 adzamva chimene ichita.

YESANI NOKHA

Amene apeza mpata pa kompyuta ayese izi. Lembani pulogalamu yathu ija, y1 ali kunja kwa main, nimuwerenge mau onse a compiler kufikira mutapeza dzina la failo imene muli y1 woyamba. Kenaka samutsani mzerewo, muone kusintha kwake. Ngati muli ndi g++, lamulani g++ -E pa failo yanu. Mudzaona ndi maso anu khamu lonse la alendo amene #include mmodzi abwera nao.

Kunena za mnzathu wa ku Nathenje, tinapita kukampepesa Lolemba m'mawa, pakuti analibe mlandu uli wonse. Mlandu unali wa ife tonse atatu, amene tinaitana alendo osafunsa maina ao. Anatikhululukira, ndipo anabwerera ku kalabu. Masiku ano tikayamba pulogalamu yatsopano, iye ndiye amene afunsa tisanalembe dzina liri lonse kuti, "Kodi limeneli liribe mwini?"

Mnzanu wa Fomu 3,
Kalabu ya Makompyuta