Kachingwe ka pamimba pa mwana n'kachiyani?

Funso: Adokotala, mwana wanga anabadwa ndi miyezi 7, ali m'makina ofunditsa ku nazale. Pamimba amumata kachingwe, ndipo galasi limachita nthunzi. Kodi sapsa?

Yankho: Mayi, mtima m'malo. Kachingweko kamayeza kutentha kwa khungu lake. Akazizidwa, makina amawonjezera okha kufunda; akatenthedwa, amachepetsa, kuti thupi likhale pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5.

Nthunziyo ndi yadala. Khungu la mwana wotere n'lopyapyala kwambiri, limataya madzi msanga, ndipo madziwo pouma amamuziziritsa.

Chimene ine ndimaopa ndi kachingwe komatuka, chifukwa makina amayesa kuti mwana wazizidwa, n'kutenthetsa mopyola muyeso. Mukakaona katamatuka, kapena belu likalira, itanani anamwino msanga. Mabatani musakhudze nokha.